Timadontho ta Pansi pa Zilembo

Lachiwiri lililonse ndikaweruka ku Bwaila
ndimakwera minibasi ya ku Area 47
m'manja mukununkhabe mankhwala,
kope lili m'chikwama limodzi ndi magolovesi.
M'kalasi tilimo asanu ndi awiri. Mkazi ndine ndekha.

Tsiku loyamba Abusa Chidzanja anatsegula buku cha kumapeto
n'kunena kuti pano ndiye poyambira.
Tinaseka. Iwo sanaseke.
Chiheberi chimayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere
ngati munthu wobwerera kukafuna chimene wagwetsa m'njira,
ndipo dzanja langa, lozolowera kulemba makadi a kusikelo,
linkafafaniza zimene ndangolemba kumene.

Alefu salankhula.
Amangoima pakhomo kuti mpweya udutse.
Heti amakanda kukhosi;
Bambo Kachingwe, ogulitsa matayala ku Malangalanga,
amamutchula ngati akutsokomola fumbi la Okutobala.

Akale analemba mafupa okha a mawu, anatero abusa.
Timadontho ta pansiti anadzaika ndi ena, patapita zaka zambirimbiri,
poopa kuti adzukulu adzaiwala kamvekedwe.
Ine sindinadabwe kwenikweni.
Ifenso timalemba kuti mtengo
osanena ngati ndi wa mthunzi kapena wa pamsika.
Timalemba kuti khungu,
wowerenga ndiye adziwe yekha ngati ndi la thupi kapena la maso.
Pepala silisunga liwu la munthu.

Pali kachilembo konga mbedza,
tanthauzo lake n'loti "ndipo", basi,
koma kakakola mneni kumutu
zooneka ngati zamawa zimasanduka zadzulo.
Mayeso ake ndinalephera kawiri.

Sabata lachisanu ndi chinayi tinafika pa mizu.
Zilembo zitatu: Reshi, Heti, Memu.
Rehemu, chiberekero.
Rahamimu, chifundo.
Ndinaika cholembera pansi.
Abusa anandiona, n'kukweza chala:
Mayi Nachuma, chenjerani, muzu si chipatso.
Mawu amachoka kwawo, amakakwatiwa kutali,
amakasintha ndi khalidwe lomwe.
Musamange ulaliki pa muzu wokha.
Werengani chiganizo chonse, muone akulankhula ndani, akuuza yani.
Ndinalemba zimenezo m'kope, n'kudula mzere pansi.
N'zoona ndithu.

Koma Lachinayi usiku magetsi anazima kuwodi,
jenereta n'kuchedwa kulira.
Pabedi lachitatu panali mtsikana wa ku Chinsapo,
wopanda womudikirira, chitenje chimodzi chokha,
amene masana ankangoti samufuna mwanayo, samufuna.
Ndinaluma foni m'mano kuti iunike.
Khanda linatuluka lili chete
ngati Alefu.
Ndinalitikita kumsana, ndikuwerenga chamumtima,
khumi, khumi ndi chimodzi,
thukuta likundilowa m'maso,
kenako kukhosi kwake kunakanda,
kamawu kosasa, kokalipa,
Heti weniweni, woposa wa Bambo Kachingwe.
Mayi wake anatambasula manja osauzidwa ndi munthu.
Timilomo tinatseka pabere, n'kumveka Memu.

Abusa sindinawauze.
Si umboni umenewo, ndikudziwa;
palibe buku la galamala lingaulandire.
Lachiwiri ndinapereka ntchito yanga monga mwa masiku onse:
uyu ndi mneni, ili ndi dzina,
apa ndi pochuluka, apa ndi pachikazi.
Anandipatsa zisanu ndi chimodzi pa khumi.
Ndi inki yofiira anazinga malo amodzi
pamene ndinaiwala timadontho titatu pansi pa Reshi.

Pobwerera minibasi inaima nthawi yaitali pamlatho,
kondakitala akukangana ndi mayi wina za chenji.
Ndinatsamiritsa kope pabondo,
ndinabwereka cholembera kwa mwana wasukulu,
n'kutiika timadonthoto, kamodzikamodzi,
tiwiri pamwamba, kena pansi,
mosamala ngati mmene ndimamangira mchombo.